Tsiku limene kwaya yonse inandifulatira

Pa zaka khumi ndi zinayi zimene ndinali wojambula zithunzi ku nyuzipepala, sindinabwererepo ku ofesi chimanjamanja. Ndajambulapo oimba m'mabwalo a mpira mvula ikukhuthuka. Ndajambulapo m'maholo momwe magetsi anathima woimba atangotsegula pakamwa. Tsiku lina ku Lilongwe ndinajambula woimba gitala nditakwera pa sipika, mlonda akundikoka mwendo. Chithunzi chinkatuluka basi. Tsiku lobwerako chimanjamanja linadzandipeza nditasiya kale ntchitoyo, Loweruka m'mawa, m'tchalitchi, pamaso pa abale onse a akazi anga. Nkhaniyi ndikulemba ndekha chifukwa mlamu wanga akumaifotokoza m'maukwati ndi m'maliro momwe, ndipo chaka chilichonse akumawonjezera.

Ntchitoyo anandipatsa ndi amake Tamanda, akazi anga. Iwo ndi namwino, ndipo Loweruka limenelo anali pa ntchito. Anayesa kusinthana ndi anzawo koma zinakanika.

"Bambo a Tamanda, mwajambula anthu onse m'dziko muno. Atsala amayi anga okha."

"Chifukwa chake mukuchidziwa."

"Ndikuchidziwa. Koma Loweruka kuli chikondwerero cha makwaya, ndipo amayi akutsogolera nyimbo komaliza. Akutula. Ndikufuna nkhope yawo akuimba, chithunzi chimodzi chokha. Chimene tili nacho ndi cha pa chiphaso cha unzika chija, akuoneka ngati awagwira ndi nkhuku yakuba."

Kwa inu amene munakulira m'tauni, chifukwa chake ndi ichi. Kwawo kwa akazi anga, kuseri kwa Bembeke, mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana kumaso. Mabanja ambiri anazisiya zimenezi. Apongozi anga, aNajere, sanazisiye. Tikakumana panjira iwo amapatukira m'munda, ine ndimapatukira mbali inayo, ndipo timalonjerana titafulatirana, mofuula pang'ono kuti timvane. Si chidani ayi. Chaka chilichonse amanditumizira thumba la mbatata ya kachewere yosankha okha. Koma zaka zisanu ndi zinayi ndili pabanja, nkhope yawo, kupatula pa chiphaso chija, ndinkaidziwira mwa mwana wanga Tamanda, amene anthu amati anawatengera mphuno.

Ndinavomera, chifukwa ndinali ndi nzeru yake. Nzeruyo inali lenzi. (Lenzi ndi galasi lija limatuluka kutsogolo kwa kamera. Pa makamera athu limachotsedwa n'kuikapo lina.) Ndili ndi malenzi awiri. Yaitali, imene timaitchula kuti 70 mpaka 200, imalemera kilogalamu ndi theka, ndipo imakoka munthu ali kutali n'kumuika pamphuno pako. Yaifupi, ya 35, imalowa m'thumba la jekete. Imaona bwino mumdima, koma imafuna uyandikire mpaka kununkhiza sopo amene munthuyo wasambira. Pa zoimbaimba aliyense wodziwa ntchito amanyamula onse awiri: yaitali ya nkhope ya woimba, yaifupi ya gulu ndi chinamtindi cha anthu.

Lachinayi ndinakwera kukayeza tchalitchicho. Kuchokera pa nsanamira yachitatu kukafika pamene wotsogolera nyimbo amaima ndi mamita khumi ndi imodzi. Mawindo asanu ndi limodzi mbali iliyonse, kuwala kokwanira popanda fulashi. Ndikabisala kuseri kwa nsanamirayo ndi lenzi yaitali, aNajere adzadzaza chithunzi kuyambira m'chiuno kupita kumwamba, osadziwa n'komwe kuti mkamwini wawo ali m'chigawo chino. Ndinalemba zonsezi m'kabuku. Ndinalembanso pansi pake kuti lenzi yaitali ndiyo lenzi ya mkamwini, ndipo ndinadziseka ndekha chifukwa cha nzeru zanga. Apongozi sanayenere kuuzidwa, pakuti chithunzi chabwino chimajambulidwa mwini wake asakudziwa.

Chimene sindinalembe m'kabukumo ndi mwezi. Unali Julaye.

Loweruka ndinanyamuka pa boma ndi njinga yamoto ya kabaza, chikwama cha kamera chili kumsana. Mphindi makumi anayi m'chifunga chija chimene umamva tambala wa pafupi osaona nyumba yake. Pofika, zala zinali zitauma, sindinkatha kutsegula zipi. Nthawi inali 10:20. Pakhomo la tchalitchi ndinakumana ndi a Felista, akulu awo a akazi anga, amene amaimba m'kwaya yomweyo. Anali mu yunifomu, bulawuzi yoyera ndi duku labuluu.

"Alamu, mwabwera ndi mfuti yanu? Mukufuna kuombera ndani?"

"Musawauze amayi."

"Ine ndinaululapo chinsinsi cha ndani?"

"Cha mudzi wonse."

"Chabwino, lero ndisunga. Koma mundijambule kumbali iyi, kwinaku kuli chiphuphu."

M'kati munali anthu osachepera mazana anayi. Zitseko anatseka chifukwa cha mphepo, ndipo makwaya anali akuimba ndi kuvina kuyambira 8 koloko. Munali mofunda ngati m'khitchini, mawindo akuyenderera madzi. Makwaya onse analipo asanu ndi anayi. Pamene ndinkalowa inali ikuimba yachinayi, ya apongozi inali yachisanu ndi chimodzi. Ndinawerengera kuti ndili ndi mphindi makumi awiri ndi zisanu. Ndinafika pa nsanamira yanga, ndinakhala pamphepete pa benchi pafupi ndi abambo ena achikulire a chipewa chaubweya m'manja, n'kutulutsa kamera kuti ndiyese.

Ndinayang'anamo. Munali chifunga chokhachokha.

Galasi lozizira likalowa m'chipinda chofunda chodzaza mpweya wa anthu limachita thukuta, monga botolo lochokera mufiriji. Mankhwala ake ndi kusiya chikwama chotseka kwa theka la ola kuti zonse zifunde pang'onopang'ono. Zimenezi ndinkaphunzitsa ophunzira ntchito ku nyuzipepala, nditaima pa bolodi. Koma tsiku limenelo ndinapukuta galasi ndi kansalu. Linayera kwa masekondi awiri, chifunga n'kubwerera. Ndinapukutanso. Kenako ndinachita chimene sichichitika: ndinachotsa lenzi pa kamera kuti ndipukute galasi lakumbuyo, ndipo mpweya wonyowa unalowa mbali zonse. Tsopano thukuta linali m'kati, pa magalasi amene chala sichifika.

Mphindi zinatsala makumi awiri. Ndinamasula mabatani a malaya, ndinalowetsa lenzi yonse pamimba, n'kuikumbatira kuti ifunde. Chitsulo chozizira chija chinandidula mpweya. Abambo a chipewa aja anandiyang'ana kwa nthawi.

"Achimwene, mukuyamwitsa?"

"Ndikufunditsa, bambo."

"Oho. Ndi wamwamuna?"

Nthawi yomweyo kwaya yachinayi inamaliza, ndipo mkulu woyendetsa mwambo anagwira chimkuzamawu. Anati lole ya kwaya yachisanu, yochokera cha ku Mphunzi, sinafike, mwina chifukwa cha chifunga. Choncho, kuti nthawi isawonongeke, alowe amayi a pano pomwe, motsogozedwa ndi aNajere, amene lero akutsanzika patatha zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu.

Ndinasolola lenzi pang'ono n'kusuzumira. Chifunga. Ndinaibwezera m'malaya.

Amayi makumi atatu ndi awiri analowa m'mizere itatu, ng'oma ikugunda, wa kiyibodi akufunafuna poyambira. Ndinafufuza m'thumba la m'kati la jekete. Lenzi yaifupi inali mmenemo, yofunda chifukwa inayenda ulendo wonse pachifuwa panga, yoyera ngati madzi a pakasupe. Ndinaimanga pa kamera n'kuyang'ana. Kuchokera pa nsanamira, aNajere ankaoneka ngati njere ya mpunga yovala duku. Kuti nkhope yawo idzaze chithunzi monga ndinakonzera, ndinayenera kukhala mamita awiri osakwana kuchokera pamene anaima. Nyimbo inali imodzi, ya ndime zinayi, yothokoza pa zokolola. A Felista anali atandiuza kuti imatenga mphindi zinayi.

Ndinaganiza za amake Tamanda akutsegula chitseko madzulo n'kufunsa. Ndinagwada pakati pa mizere ya mabenchi n'kuyamba kuyenda ndi mawondo, kuti ndisatchinge anthu, komanso kuti mutu wanga usafike m'maso mwa apongozi. Mamita asanu ndi anayi pa simenti ya ku Bembeke mu Julaye, dzanja limodzi lili ndi kamera, lina likugwirizira lenzi yaitali pamimba. Ndinamva mayi wina pa benchi akunong'oneza mnzake kuti, "Koma bamboyu ndi wopemphera."

Ndinafika kutsogolo ndime yoyamba ili pakati. Ndinatukula kamera. Ndipo apo panali nkhope ya apongozi anga, yonse, kuwala kwa pawindo kukugwera pa tsaya lakumanzere monga ndinayezera Lachinayi. Mutu anaupendeketsa chambuyo, dzanja lamanja lili pamtima. Mawu awo sanali a munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri. Zonse zinali m'malo mwake, kupatula chinthu chimodzi. Anali atatsinzina.

Pano ndiyenera kuulula bwinobwino, chifukwa a Felista mbali iyi saidziwa. Ndinali ndi masekondi mwina asanu ndi limodzi. Chala chinali pa batani. Sindinadine. Mkonzi wanga woyamba, munthu wosaseka, ankang'amba chithunzi chilichonse cha munthu wotsinzina, ati owerenga aganiza kuti wamwalira. Zaka khumi ndi zinayi chala changa chinaphunzira kudikira maso. Ndiye ndinadikira maso.

Maso anatseguka.

Kwa nthawi yoyamba chilowereni m'banja lawo, ine ndi aNajere tinayang'anana. (Za mphuno zija ndi zoona.) Iwo anaona mkamwini wawo atagwada pamapazi awo, mabatani omasula, mimba yotupa mbali imodzi, atawalozetsa chinthu kumaso. Mawu sanaduke. Anangotembenukira kumanzere, mwaulemu, monga amachitira panjira. Chala changa chinadina mochedwa. Chithunzi choyambacho chili ndi khutu ndi mphepete ya duku.

Tsono kwaya ija ili ndi lamulo limodzi: mapazi a aNajere ndiwo amalamula. Zaka zonsezi akhala akupeka masitepe ali pakati pa nyimbo, amayi n'kumatsatira osafunsa. Atatembenukira kumanzere, amayi makumi atatu ndi mmodzi anatembenukira kumanzere, onse pamodzi, ngati asilikali. Woimba ng'oma anasintha kagundidwe kuti kagwirizane. Kumbuyo kunamveka nthungululu.

Munthu wanzeru akanabwerera pamenepo. Koma wojambula zoimbaimba amatsatira nkhope. Woimba akatembenuka, iwe umazungulira. Mawondo anga anazungulira okha, mutu usanavomereze. Ndinatulukiranso kutsogolo kwawo. Iwo anatembenukira ku guwa. Kwaya inatembenukira ku guwa. Anthu mazana anayi anali kuyang'ana misana, ndipo anaikonda. Ndinakwawira kuseri kwa wa kiyibodi, ndinadumpha chingwe chake ndi bondo limodzi, n'kusuzumira. Iwo anatembenukira kumanja. Ndinkadina ponseponse, ndipo ponseponse ndinkachedwa ndi theka la sekondi.

A Felista anali kumapeto kwa mzere woyamba. Kuzungulirako kutawafikitsa pafupi nane, anandilankhula pakati pa mawu a nyimbo, pakamwa pakumwetulirabe.

"Alamu, chokani."

"Chimodzi chokha."

Anazungulira nawo anzawo, n'kubweranso.

"Mukuwazunguza mutu amayi. Agwa."

Ndinachotsa diso pa kamera. Zinali zoona. Apongozi anali atazungulira kawiri ndi theka, ndipo phazi lawo lamanja linaponda pambali pang'ono, ngati la munthu wotsika m'basi. Poyamba ndime yachitatu mawu awo ananjenjemera. Wa kiyibodi anawayang'ana. Ndinazindikira kuti chikuwonongeka si chithunzi chokha. Mayi anali kuimba nyimbo yake yomaliza pamaso pa mpingo wake, ndipo ine ndinali kumuthamangitsa ngati nkhuku ya alendo.

Ndinayamba kubwerera chambuyo. Dzanja logwirizira pamimba lija ndinaliika pansi kuti ndisagwe. Lenzi yaitali inatsetsereka m'malaya, inagunda simenti ndi phokoso limene ndimalimvabe m'mano, ndipo inayamba kugubuduzika kulowera pakati pa kwaya. Mapazi makumi asanu ndi limodzi ndi anayi anali kuponda pamenepo motsatira ng'oma. Inadutsa phazi loyamba, inadutsa lachiwiri. Mayi wina anaidumpha osaphonya sitepe. Ndinatseka diso limodzi.

Inaima. Apongozi, ali chifulatirire, osayang'ana pansi, anaiponda pang'ono ndi nsapato yawo yansalu n'kuikokera pakati pa mapazi awo. Anasiya kuvina kuti asaiphwanye. Kwaya yonse inasiya kuvina. Inatsala ng'oma yapansipansi ndi mawu.

Chinatsala kwa ine ndi chimodzi. Ndinagwetsa nkhope pansi, chipumi pa simenti, kamera ili kunsi kwa chifuwa, kuti aone kuti maso anga achoka. Ndinamva nsalu zikukhulana pamene amayi onse ankatembenuka. ANajere anayang'ananso ku mpingo, ndipo ndime yachinayi anaiimba ali mita imodzi ndi theka kuchokera pa nkhongo yanga. Anthu amene analipo amati misozi inkatsika koma maso ali gwa kwa anthu awo, ndipo amati sanawaonepo akuwala chonchija. Ine ndinaona mng'alu wa simenti ndi nyerere imodzi. Pa mzere womaliza wa nyimbo ndinayesa nzeru ya m'misonkhano ya ndale: ndinatukula kamera ndi dzanja limodzi, nkhope ili pansi, n'kudina katatu. Zinatuluka zithunzi zitatu za malata ndi chisa cha namzeze.

Nthawi yopuma ndinakaima kuseri kwa tchalitchi, mawondo a buluku atabooka onse awiri. Ndinawerenga zithunzi: 143. Misana, maduku, zigongono, khutu limodzi. Nkhope ya aNajere munalibe. Mungafunse za anthu a mafoni. Analipo ambiri, ndipo amake Tamanda anadzawafunsa mmodzimmodzi. Onse ankajambula ine.

A Felista anabwera ndi chinthu chokulunga m'chitenje. Chapatali, pansi pa mtengo wa paini, apongozi anali ataima, akuyang'ana ku phiri.

"Nayu mwana wanu. Akuti anali kuzizidwa."

Ndinamasula. Mkombero wa lenzi ija unali utaphwanyika pang'ono. Ndinasuzumiramo. Galasi linali loyera mbee, chifunga chonse chitatha.

"Akuti mawondo ali bwanji?"

"Auzeni kuti ali bwino. Auzeni kuti ndapepesa kwambiri. Ndi mwana wawo anandituma, amafuna nkhope yawo akuimba."

A Felista anayenda kukafika pa mtengo paja. Analankhulana kwa kanthawi, ndipo ndinaona mapewa a apongozi akugwedezeka. Sindikudziwa ngati kunali kuseka. A Felista anabwerera.

"Akuti bwanji simunanene? Akuti mukadatumiza mawu, akadatsinzina nyimbo yonse, inu n'kujambula mpaka kutopa. Akuti amaimba bwino kwambiri atatsinzina."

Kenako a Felista anawonjezera mawu awoawo.

"Moyo wanga wonse, alamu, chinsinsi chimodzi chokha ndasunga. Onani zotsatira zake."

"Afunseni ngati angaimbenso ndime imodzi. Pano pompa, panja. Kuwala kuli bwino."

Anapitanso, anabweranso.

"Akuti anatula. Nyimbo ili ndi mwini wake tsopano. Akuti kuimba kwa bodza pamaso pa kamera sangathe, ndipo akuti musaiwale mbatata yanu, thumba lili kwa wa kabaza."

Amake Tamanda anafika kunyumba cha m'ma 5 koloko, ali mu yunifomu. Nkhani inali itawapeza kale pa foni, pamodzi ndi kanema wa mwamuna wawo akukwawa. Sanakalipe. Anakhala pa mpando, anatenga kamera, n'kuyang'ana zithunzi zonse 143, chimodzichimodzi, ine nditaima. Zinatenga mphindi khumi ndi ziwiri. Kenako anabwerera pa china: msana wa amayi awo, mfundo ya duku, dzanja lamanja lili m'mwamba, ndipo kutsogolo kwawo misana ina makumi atatu ndi umodzi itapendekera mbali imodzi.

"Ichi. Mukatsukitse chachikulu, muike mufelemu."

"Koma nkhope mulibe."

"Ndi mmene mumawadziwira inuyo. Muziwalonjera m'mawa uliwonse."

Chili pabalaza mpaka lero, pamwamba pa wailesi. Masiku ano ndikamakwera ku Bembeke m'nyengo yozizira, malenzi onse awiri amayenda m'kati mwa jekete, ndipo chikwama sinditsegula theka la ola lisanathe. Pamenepo ndinaphunzirapo. Za masekondi asanu ndi limodzi aja ndinadzawaululira amake Tamanda patatha miyezi itatu, ndipo timatsutsanabe. Ine ndimati lamulo ndi lamulo, chithunzi cha munthu wotsinzina si chithunzi. Iwo amangoloza pakhoma.